Kadzenje ka M'chigafa

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anaimba foni kuti akubwera kudzatenga mwana. Sanati akudzationa ayi. Anati ndikavomera mlandu n'kumwetsa mwana mankhwala ndi dzanja langa, mwina aganizapo, koma ndikakana, mwana akwera nawo kupita kumudzi. Nthawi imeneyo tinali ku Simlemba, pa esiteti ina ya fodya, ife anthu a ku Dedza amene tinapita kukagwira utenanti. Mwanayo anali wamkazi, woyamba komanso yekhayo, wa zaka ngati zitatu. Mlandu wanga unali wakuti ndamusempha.

Kwathu akati mwana wasemphedwa, ndiye kuti bambo ake ayenda njira zamseri mwana akadali wamng'ono, kenaka n'kubwera kudzamunyamula ndi thupi lotentha. Amati mwana wotero amafooka, miyendo n'kukana ntchito. Tsono ine zofooka ndili nazo, sindine mngelo. Mtima wapachala ndili nawo, pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndipo bawo ndikaiyamba ndimaiwala kuti dzuwa limalowa. Koma za akazi, ayi ndithu. Chinthu chimene sunachite chimawawa mwa mtundu wina, chifukwa ulibe pogwira kuti uchichotse.

Miyendo ya mwana inalidi ndi vuto, pamenepo sindingatsutse. Akamayenda, zala za kumapazi zinkaloza m'kati ngati phazi lina likufuna kuponda linzake, maondo akukhulana. Akati athamange, sankafika patali, khu pansi. Maondo ake sankapola zilonda. Anzake a msinkhu wake ankakwera pachulu n'kutsika akukuwa, iye ali m'munsi kuwayang'ana, kenaka n'kukhala pansi. Kakhalidwe kake kanali kamodzi basi: matako pansi, maondo kutsogolo atagundana, mapazi atatulukira kumbuyo, lina uku lina uku, monga amakhalira chule. Akakhala choncho ankakhazikika zedi, manja onse awiri ali pa zoseweretsa, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Kakhalidwe kameneka kanayambira m'chigafa. Amene sanalimepo fodya, chigafa ndi chisakasa chachitali cha udzu, chopanda zipupa, momwe timayanikamo masamba. Mvula ikafika pakati, moyo wonse wa tenanti umasamukira mmenemo. M'mawa kuthyola, masana kusoka masamba ndi kuwakoloweka pa mikangala, ndipo fodya akauma n'kuyamba kusankha, tsamba ndi tsamba, mpaka maso kuchita chidima. Manja a mwamuna yekha sakwanira. Mkazi amasoka, mwamuna amakweza, ndipo wina akadwala, fodya sadikira, amangowola.

Mwana wathu atafika pophunzira kukhala, mayi ake anachita zimene amayi onse kwathu amachita. Anakumba kadzenje pakona pa chigafa, nayalamo thumba ndi chitenje chakutha, namukhazikamo kuti msana ulimbe. Kumudzi kadzenje kotere n'kamasiku ochepa, mwana akadziwa kukhala yekha amakakwirira. Koma pa esiteti panali lamulo. Mwana asapezeke atagwira fodya, chifukwa oyendera minda akamuona, mwini esiteti ali m'madzi. Mwana asaponde masamba. Mwana asayandikire zigubu za mankhwala. Mwana asapite kuchitsime cha kunazale, chimene chinali chosatseka pamwamba. Akapitawo ankayenda uku ndi uku akukalipa, "Ana anuwa! Ana anuwa!" ngati ana ndi mbuzi zoti umangirire pamtengo. Ndiye kadzenje kaja sikanakwiriridwe. Mwana atayamba kukwawa, mayi ake anakakulitsa pang'ono cha m'munsi kuti asamatuluke. Munalibe malo otambasulira miyendo kutsogolo, choncho mwana anaipinda kumbuyo, ndipo anazolowera. Pamene ankasiya kulowa m'dzenjemo n'kuti kakhalidweko katamulowa m'mafupa. Ukangomuika pansi n'kumupatsa chitsononkho, ukam'peza pomwepo.

Anthu ankatisirira, abale inu! Amayi anzake ankati, "Koma inu munabereka mpumulo." Akapitawo omwe aja ankaloza mwana wanga pokalipira ena, amvekere, "Taonani wa anzanuyu, akukuvutani chiyani anuwo?" Ine ndinkamva kukoma. Amayi ena awiri anakumbira ana awo maenje otero.

Amene anayambitsa za tsempho anali mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, tenanti mnzathu wochokera ku Phalombe. Tsiku lina tikusankha fodya, mwana anadzuka kuti apite kwa mayi ake, napunthwa pamalo popanda kanthu. Mayi uja anaika tsamba pansi, namuyang'ana mwana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Miyendo iyi si yachibadwa," anatero. "Ife takula, taona zambiri. Abambo ena akapita kumsika amagula zambiri."

Anthu anaseka chamumtima, mitu ili pansi. Zoona, Lamulungu lililonse ndinkapalasa njinga kupita pa malo ogulitsira malonda. Ndinkasiya foni pa moto m'sitolo ya bambo wina wachisilamu, munthu wofatsa wa ndevu zoyera, ndipo podikira tinkasewera bawo pakhonde pake. Pafupi pomwepo panali mayi wokazinga zitumbuwa, wamasiye, woseka ndi aliyense. Ndinkagula zitumbuwa zopitira nazo kwa mwana wanga. Basi, umboni wonse unali umenewo, zitumbuwa.

Ndinamuyankha mayi uja mawu amene sindingawalembe pano. Kumeneko kunali kuthira mafuta pamoto, chifukwa anthu anati wosalakwa sakalipa choncho. Pasanapite nthawi nkhani inali itazungulira zigafa zonse. Ndikamadutsa pa mjigo, amayi ankasiya kulankhula. Ndikanyamula mwana wanga, ndinkaona maso akunditsata.

Chimene chinandipweteka koposa anali mkazi wanga. Sanandinene, koma sananditchinjirizenso. Ndinamufunsa maso ndi maso, "Mayi a mwana, inunso mukukhulupirira zimenezi?"

"Ine sindinanene kanthu," anayankha akuyang'ana kumbali.

"Ndiye vuto lake limenelo! Nenani kanthu!"

Anangotola mwana n'kumubereka. Kuyambira pamenepo, anthu akakhala pafupi, ankanditenga mwana m'manja mwaulemu, amvekere akufuna akamusambitse, akufuna akamudyetse. Mmene nkhani inafikira ku Dedza sindidziwa bwino. Mkazi wanga anati apongozi anga anaimba kufunsa za miyendo ya mdzukulu, ndipo iye anangolira pa foni osayankha. Kulira kumeneko kunakwanira. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Ine ndine mkamwini chabe, ndipo paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Alamu akati akutenga mwana, palibe bwalo la kumudzi limene likanawaletsa.

Kuvomera bodza ndinakana. Ndinaganizapo, sindinama. Ndinati mwina ndingoti inde, ndimwetse mwana mizu yawoyo, nkhani ithe. Koma akanafuna dzina la mkaziyo, ndipo mayi wa zitumbuwa uja akanasenza chitonzo chosadziwa kumene chachokera. Komanso mwana wanga akanakula akumva kuti bambo ake ndiwo anamupundula. Zimenezo ayi.

Litatsala tsiku loti alamu afike, ndinadzuka ndi maganizo amodzi. Ndinamanga chitenje pa kaliyala wa njinga, ndinakhazikapo mwana. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba maso ali tong'o.

"Mukupita naye kuti?"

"Kuchipatala."

"Si tsiku la sikelo lero."

"Ndikudziwa."

Anagwira chishalo cha njinga, kenaka anachisiya. Nkhope yake inali ndi mantha, ndipo ine ndinaganiza kuti akuopa kuti ndithawa ndi mwana. Akapitawo anandiimitsa panjira, amvekere fodya ali pansi, ndani wandipatsa chilolezo. Ndinawauza kuti fodya alibe miyendo yoti ipindike, asunthe ndidutse. Anasuntha, koma anandilonjeza kuti tidzaonana.

Chipatala chake n'chaching'ono, kupitirira pa malo a malonda paja. Pabenchi panali amayi okhaokha, ine mwamuna ndekha ndi mwana pamiyendo. Ankandiyang'ana n'kumanong'onezana, wina mpaka anafunsa ngati mayi a mwana anamwalira. Titalowa tinapeza anamwino, mayi wa msinkhu wapakati, wolankhula Chichewa chokoka ngati cha anthu a kumpoto. Anamugoneka mwana chafufumimba, namupinda maondo, natembenuza miyendo uku ndi uku. Anamuyendetsa kuchoka pakhomo kufika pawindo. Kenaka anamuika pansi pa simenti n'kumupatsa chitsekero cha botolo. Mwana wanga, mosachedwa, matako pansi, mapazi kumbuyo, phee.

"Amakhala chonchi nthawi zonse?" anafunsa anamwino.

"Kuyambira ali khanda. Ndi mwana wofatsa kwambiri."

"Si kufatsa kumeneku, bambo. Wapeza kakhalidwe kosafuna mphamvu."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati ana ambiri amabadwa ntchafu zitapotokera m'kati pang'ono, ndipo zimawongoka zokha mwana akamakula, akamathamanga, akamakwera ndi kudumpha. Koma mwana wokhala tsiku lonse miyendo itapindikira kumbuyo, tsiku ndi tsiku, m'chiuno mumazolowera momwemo, ndipo msana ndi mimba sizilimba chifukwa miyendo ndiyo ikumuchirikiza ngati mphanda. Anati fupa silinathyoke, matenda palibe, ndipo msinkhu wake ukadalola. Azikhala atatambasula miyendo kutsogolo, kapena ataipingasa, kapena pa kampando. Koma choposa zonse asamakhalitse pansi. Aziyenda, azithamanga ndi anzake, azigwa n'kudzuka.

Ndinafunsa chimene ndinabwerera. "Nanga tsempho, amayi?"

Anandiyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa zonse. "Za kumudzi ine sindiweruza. Koma mwana amene makolo amati wasemphedwa uja amakhala wotupa, wowonda, tsitsi lofiira. Uyu mukumuona nokha, ndi wonenepa bwinobwino. Vuto lake ndi kakhalidwe."

Mtima wanga unatsika. Ndinafuna kuwagwira dzanja anamwino aja ndi manja awiri. Koma iwo anapendeketsa mutu akumuyang'ananso mwana.

"Kamwana aka ndikukadziwa. Si ka pa esiteti ya kuseri kwa dambo? Amayi ake ndinawauza zomwezi pa sikelo dzinja lapitali. Anandiuza za kadzenje, ndinati akakwirire. Sanakuuzeni?"

Sindikumbuka mmene ndinatulukira m'chipindamo. Ndikukumbuka njira yobwerera, fumbi, minda ya fodya yongotsala mapesi mbali zonse mpaka kumene maso alekezera, ndi mwana kumbuyo kwanga akuimba kanyimbo kake atagwira malaya anga. Ndinkapalasa ngati ndikuthamangitsidwa. Ankadziwa! Miyezi yonse ija ndikuyenda ngati galu wakuba mazira, anthu akundiloza ndi milomo, mkazi wanga ankadziwa. Pa kamlatho ka padambo ndinatsika n'kuima kaye, chifukwa ndinaopa kugwetsa mwana.

Mkazi wanga ndinam'peza m'chigafa akusankha fodya ndi anzake. Ndinamuitanira kuseri. Atangoona nkhope yanga anadziwa, ndipo anayamba kulira ndisanatsegule pakamwa.

"Anakuuzani dzinja lapitali," ndinatero. Ndinkayesetsa kutsitsa mawu koma ankakwera okha. "Anakuuzani, inu n'kukhala chete, ine ndikudyedwa wamoyo!"

"Ndikanamuika kuti?" anatero. "Ndiuzeni, bambo a mwana, ndikanamuika kuti? Ndinayesa. Ndinamusiya kuti aziyenda. Tsiku loyamba anakwera pamulu wa fodya, akapitawo ananditukwana pamaso pa anthu. Tsiku lina ndinam'peza atasuzumira m'chitsime cha kunazale, theka la thupi lili m'kati. Inu munali kumunda, simunaone. Ndinabwera naye n'kumukhazika pansi, ndinati bola miyendo yokhota kusiyana ndi maliro."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanandikalipira. Ndipo amayi kumudzi akanamva kuti ndine ndapundula mwana, ndikanalowera kuti?"

"Ndiye munasankha kuti apachike ine?"

Anagwada pansi pomwepo atagwira kumaso. Ine ndinachoka, ndinakatenga nkhwangwa n'kuyamba kuwaza chitsa chimene sichinalakwe kanthu. Ndinali ndi ukali, komanso ndinali ndi chisoni, ndipo ziwirizi zinkalimbana m'chifuwa mwanga. Za chitsime zija zinandilowa ngati minga. Tsiku limenelo sitinalankhulanenso.

Alamu anafika m'mawa mwake dzuwa litakwera, pa njinga yamoto ya kabaza, ndipo anamuuza wakabazayo kuti adikire. Zimenezo zokha zinandiuza kuti sanabwere kudzacheza. Ndi munthu wamtali, mmisiri wa matabwa, wolankhula motsitsa ngati akuwerenga m'tchalitchi, ndipo kufatsa kwakeko kumandipsetsa mtima kuposa munthu wokalipa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, iwo pampando, ine pa chigubu, mkazi wanga pamphasa chapatali ndi mwana. Anthu a m'zigafa anapeza zifukwa zodutsira pafupi. Mayi wa ku Phalombe uja anabwera ndi lichero n'kukhala pakhonde pake, kupeta chimanga chimene ndikukhulupirira chinali chopetapeta kale.

"Alamu," anayamba, "ine sindinabwere ndi nkhondo. Mawu anga munawamva. Mwaganiza bwanji?"

"Ndaganiza kuti sindivomera chimene sindinachite."

"Ndiye mwasankha nokha."

"Dikirani kaye. Dzulo ndinali kuchipatala."

Ndinafotokoza zonse zimene anamwino ananena, za ntchafu, za m'chiuno, za msana. Ndinalankhula mokweza dala kuti wa lichero uja amve. Kenaka ndinaitana mwana, ndinamupatsa kamwala, ndinati akhale pansi. Anakhala monga mwa masiku onse, mapazi uku ndi uku. Ndinati, "Tsempho lanu ndi limeneli, alamu. Lionetsetseni."

Alamu anamuyang'ana mwana kwa nthawi. Anadzuka, namuzungulira, nakhalanso.

"Kwathu kulibe mwana wokhala chonchi," anatero. "Anamuphunzitsa ndani?"

Apa ndiye panali pamene ndinkayembekeza usiku wonse. Yankho linali pa lilime, lakupsa, longofuna kulavula. Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atagwira mphonje ya chitenje, akuipota ndi zala. Ndinakumbukira za chitsime. Ndinatseka pakamwa, ine amene sinditseka pakamwa, mpaka nsagwada zinawawa.

"Ndafunsa," anatero alamu.

"Ndine, achimwene." Mawu a mkazi wanga anali aang'ono koma anamveka. Ananena zonse, za kadzenje, za akapitawo, za chitsime, ngakhale zoti anamwino anamuchenjeza iye n'kubisa. Anati, "Bambo a mwanawa sanalakwe. Ndinawasiya anthu awanene chifukwa ndinkaopa."

Lichero lija linasiya kulira. Alamu anapempha kuti akaone kadzenjeko, ndipo tinapita nawo m'chigafa. Kanali kakadalipo pakona, m'mbali mwake mosalala chifukwa cha kukhulidwa ndi thupi la mwana. Anaima pamenepo atagwira m'chiuno, napukusa mutu. Titabwerera pansi pa mtengo, anavula chipewa.

"Alamu, takulakwirani. Ine ndi mbumba yanga yonse takulakwirani. Ndikakafika ndikawauza amayi, ndipo dzina lanu ndikalitsuka ndekha."

Ha! Ndinamva ngati anditula thumba la feteleza pamutu. Ndinatembenuka kuyang'ana pakhonde paja, koma mayi uja anali atalowa m'nyumba. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuyenda zigafa zonse ndikuuza aliyense. Ndinauza mkazi wanga kuti agwire nkhuku, alendo asabwerere ndi njala.

"Nkhuku idikire," anatero alamu. "Anamwinowo anati mankhwala ake n'chiyani?"

Ndinayankha monyada, ngati mwana wa sukulu amene walidziwa funso. "Palibe za mizu, palibe za jakisoni. Angofunika kuthamanga. Azisewera ndi anzake, azikwera zulu, azidumpha. Asamakhalitse pansi malo amodzi. Anati msinkhu wake ukadalola, koma tisachedwe."

Alamu anagwedeza mutu. Kenaka anayang'ana mozungulira, pang'onopang'ono. Anayang'ana munda umene unkafika mpaka pakhomo, chigafa, zigubu za mankhwala zili pa mulu, kanjira kopita kuchitsime.

"Ndiye kuno azithamangira pati?"

Anatembenukira kwa ine nafunsanso.

"Mawa m'mawa inu mudzakhala kuti, alamu?"

"M'chigafa."

"Mlongo wangayu?"

"M'chigafa."

"Nanga mwana?"

Ndinadzuka. Ndinati ndimusemera kampando lero lomwe. Iwo anati kampando n'kukhalanso komweko. Ndinati tizimupititsa ku sukulu ya mkombaphala. Mkazi wanga, mutu uli pansi, anati ili kutsidya kwa dambo, ndipo mvula ikagwa kamlatho kamamira, ngakhale akuluakulu sawoloka. Ndinati ndiye mayi ake azimuyang'anira, ine ndizigwira ndekha. Koma tonse tinkadziwa kuti tenanti wa manja awiri okha samaliza fodya, ndipo mwini esiteti sasunga munthu wosamaliza. Ndinati chaka chino chokha, tikangogulitsa tibwerera kwathu. Alamu anafunsa kuti chaka chatha sindinanene zomwezo kodi.

Pamenepo ndinapsa mtima zenizeni. Ndinakalipa kuti anabwera ndi bodza, bodza lagwa, tsono akufuna atenge mwana ndi njira ina. Ndinati mwana ndi wanga, ndinamubereka ndine, palibe amene amukweze pa njinga ine ndili moyo. Ndinamenya chigubu ndi phazi mpaka chinakagwera kutali. Alamu anandisiya ndikalipe mpaka mawu anandithera.

"Simukunama, alamu," anatero. "Mlandu mulibe, ndipo ine sindimutenganso mokakamiza. Mukati atsale, ndikwera ndekha. Koma kumudzi kuli bwalo, kuli ana anga ndi a mlongo wathu wamng'ono, amathamanga kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Mankhwala mwanena nokha. Ine ndangofunsa kumene ali."

Bola akanandilanda. Akanandilanda ndikanakhala ndi munthu womuda moyo wanga wonse. Koma anandisiyira ine, ndipo anthu onse ankadikira pakamwa panga. Ndinayang'ana pansi. Mwana anali pafupi ndi mapazi anga akusewera ndi kamwala kaja, miyendo itapindikira kumbuyo. Ndinawerama, ndinamutambasula miyendo kutsogolo mofatsa. Anandiyang'ana, naseka, ndipo ndisanaweramuke n'komwe anali ataibwezera kumbuyo.

"Mutengeni," ndinatero.

Mkazi wanga analira mokweza ngati pamaliro. Ine sindinalire pamenepo. Ndinalowa m'nyumba, ndinasonkhanitsa timadiresi take ndi kabulangete, ndinamanga m'chitenje. Nkhuku sinaphedwe. Mwana anasangalala kwambiri kukwera njinga yamoto, anakhala pakati pa wakabaza ndi amalume ake akuwomba m'manja. Ndinamuuza kuti tibwera posachedwa. Sanamve n'komwe chifukwa cha phokoso la injini. Fumbi litatha, akapitawo anali ataima pakhomo pa chigafa akundidikira, ndipo ndinapita kukasankha fodya.

Tinati chaka chimodzi. Koma utenanti uli ngati matope a m'dambo, ukazula phazi ili linalo lalowa. Chaka chimenecho fodya sanachite bwino, chotsatira tinasamukira ku esiteti ina cha ku Kaomba, kenaka kunabadwa mwana wina. Ameneyo sitinamukumbire dzenje, tinkasinthana kumubereka kumsana ngakhale anthu ankandiseka. Mkazi wanga anapitako kumudzi kangapo, pamaliro ndi pamatenda, ine ndikutsala kuthirira nazale. Ndinkalankhula ndi mwana pa foni ya alamu, koma mwana wamng'ono pa foni amangopuma, kenaka n'kuthawira kosewera. Ine ndi mkazi wanga tinakhululukirana, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono, monga chimapolera chilonda cha pabondo.

Pamene tinabwerera ku Dedza kotheratu n'kuti mwana atayamba sukulu. Tinafika masana, katundu ali pamutu. Alamu anatilandira pakhonde, natuma mwana wina kuti akamuitane kubwalo. Ndinamuona akutsika kamtunda ka kuseri kwa nyumba ali pa liwiro, patsogolo pa anzake onse. Sindinayang'ane nkhope, ndinayang'ana mapazi. Ankaponda molunjika, mwamphamvu, akudumpha miyala ndi mizu osapunthwa. Phazi lakumanzere linkalowabe m'kati pang'ono, koma ukanapanda kudziwa sukanaona. Ndinasangalala mpaka misozi inatsika, ndipo sindinaibise.

Anawakumbatira mayi ake m'chiuno akukuwa. Ine ndinaika katundu pansi, ndinatambasula manja. Anandiyang'ana, nasiya kuseka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, nagwada patali mwaulemu wonse, maondo pamodzi, maso pansi.

"Muli bwanji?" anatero.

Ndinayankha kuti ndili bwino, kaya iye. Anati ali bwino, zikomo. Kenaka anatembenukira kwa alamu anga.

"Ababa, ndikawatengere madzi akumwa alendowa?"